Mlandu wa Dona ku Khonsolo

Khansala Reason Milanzi anali akuuzira tiyi wotentha m'chipinda cha makhansala pamene Jealous, wapolisi wa khonsolo, anasuzumira pa zenera. Chipewa chinali chitapendekera ku khutu limodzi, malaya atang'ambika paphewa, koma nkhope inali ngwee ngati ya mlenje amene wagwira nguluwe ndi manja.

"Shefu, tamugwira woyamba! Lamulo lanu lija layamba kuluma."

Reason anatsitsa kapu pang'onopang'ono, monga ankaonera a meya akuchitira akalandira uthenga wabwino. Pamaso anaoneka wodekha, koma mtima unali ukuvina.

"Mwamutsekera?"

"Ali m'khola kuseri kuno. Tamupeza akudya kabichi, ndiye watithamangitsa kuyambira pa musika mpaka ku renki ya makombi, pokwerera maminibasi paja. Chimimba ngati mgolo, koma liwiro lake, maiwe! Bwerani mudzaone nokha."

Anazungulira kuseri kwa nyumba ya khonsolo, Jealous akutsimphina patsogolo, Reason akukonza tayi pambuyo. Kholalo linali kampanda ka waya komwe kale ankaunjikamo matayala akutha. M'katimo, pakati pa udzu wofika m'mawondo, munaima mbuzi yaikazi yoyera, ya mutu wofiirira ndi nyanga imodzi yopindikira kumbali. M'khosi inali ndi kansalu kofiira ka maluwa achikasu. Reason anayamba kuzindikira kansaluko, mbuzi pambuyo, chifukwa chitenje chimene anang'ambako kansaluko anagula ndi iye mwini pa Khrisimasi, n'kuchipereka kudzera mwa mkazi wake.

Mbuziyo inamuyang'ana, n'kupitiriza kubzikula.

"Dona," anatero Reason asanaganize.

"Mukuidziwa, shefu?"

"Ayi. Ndikungoti ikudzimva ngati dona."

Inali mbuzi ya a Nankhoma, apongozi ake.

Mutombwe ndi tauni yoti ukayetsemula uli m'kombi, umatsegula maso utaidutsa kale. Ili ndi msewu umodzi wa phula wochokera ku tauni ya Beatrice, masitolo ochepa, chigayo, musika, ndi nyumba ya khonsolo ya malata obiriwira. Mbali zonse yazingidwa ndi mapulazi a fodya ndi chimanga, ndipo m'makomboni a mapulaziwo mumakhala ana ndi zidzukulu za anthu amene anabwera kalekale kuchokera ku Malawi ndi ku Tete kudzagwira ntchito. Anthu amenewa ndiwo anamutsitsa Reason pa thirakitala n'kumukweza pa mpando wa ukhansala, ati akawalankhulire.

Koma kulankhulako n'kumene kunavuta. M'chipinda cha misonkhano munkayenda Chingerezi chonona ndi Chishona chothamanga, ndipo Reason ankati akamasanja mawu ake mumtima, anzake n'kuti atadumphira kale pa mfundo ina. Chimene ankakwanitsa chinali kukweza dzanja wina akapereka ganizo, n'kunena liwu lija la Chingerezi lovomerezera, loti "sekondedi". Posakhalitsa tauni yonse inkamutcha a Sekondedi.

Zinthu zinasintha tsiku limene Mai Luiza, ogulitsa masamba pa musika, anafika pakhomo pake ndi dengu la kabichi wolumidwalumidwa. Anakhuthula pakhonde osapereka moni. "Voti yanga ndi iyi," anatero, "mbuzi zadya." Pa msonkhano wotsatira Reason anaimirira n'kupempha kuti mbuzi iliyonse yopezeka ikuyendayenda m'tauni izitsekeredwa, ndipo mwini wake azikaonekera pamaso pa komiti. Makhansala anadabwa kwambiri kumva kuti munthuyu ali ndi mawu akeake, moti onse anavomereza, n'kumuika pomwepo kukhala wapampando wa komiti ya ziweto. Walira mvula walira matope, koma tsiku limenelo Reason ankangoona mvula yokha.

Tsopano matope aja anali chilili m'khola, akubzikula.

A Nankhoma sanali amayi olongolola. Akanakhala otero bwenzi kuli bwinoko. Anali ogwira mwambo wa makolo awo a ku Dedza, dera limene sanalipondepo koma ankalisunga m'mutu osatayapo kanthu. Chikwatirire Esnat, Reason anali asanawayang'anepo m'maso, asanadyerepo nawo pamodzi, asanawalankhulepo mwachindunji. Akakumana m'njira, mmodzi ankapatukira m'chimanga. Nkhani zonse zinkadutsa mwa Esnat ngati madzi m'paipi. Pamwamba pa izo, nyumba yake anamanga pabwalo pa apongoziwo ku komboni, ndipo ndiwo zambiri za pakhomo pake zinkachoka m'dimba mwawo. Akuluakulu amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma akuluakulu amenewo sanakwatire kwa a Nankhoma.

Dzuwa litafika paliwombo, Jealous anapita kukadya sadza ku renki, a m'maofesi nawo n'kumwazikana. Reason anatuluka ngati munthu wopita kukataya madzi, n'kukhotera ku khola. Waya womangira chitseko unali wofewa. Anaumasula, n'kukankha chitsekocho ndi phazi, maso ali kumwamba ngati akuona ngati mvula ibwere.

"Tuluka," ananong'ona. "Pita kwanu. Ine sindinakuone, iwenso sunandione."

Dona anayang'ana khomo lotsegukalo. Kenako anayang'ana udzu wa khonsolo, umene unali usanatchetchedwe chiyambire dzinja chifukwa makina ake ankadikira komiti ina kuti ikhale pansi. Atatero anagona, mwaulemu wake wonse.

Reason analowa. Anakoka kansalu ka m'khosi, mbuzi osasuntha. Anakankha kumbuyo, nsapato yake yopolisha n'kuterereka pa ndowe. Anayesa kuinyengerera ndi mawu okoma amene ngakhale mkazi wake anali asanawamvepo.

"A Khansala, mwabwera kudzazonda mkaidi?"

Anali Mai Yvonne Marufu, mlembi wa khonsolo, ataima pa zenera la ofesi yawo ndi botolo la maheu m'manja. Amayi amenewa ankadziwa malamulo a khonsolo ngati nyimbo za m'tchalitchi, ndipo mano awo sankaoneka wamba.

"Ndikuyesa... ndikuona ngati kholali lili lolimba, amai."

"Zvakanaka, chabwino. Mukamaliza mutseke. Mlandu wake ndauika Lachinayi m'mawa."

Zenera linatsekeka. Reason anatsala m'kholamo, thukuta likutsikira m'kolala. Manyazi amene anamugwira sanali a kupezereredwa okha. Anakumbukira kabichi uja ali mbwee pakhonde pake, ndi mmene Mai Luiza, ukali utawathera, anagwadira n'kutola masamba otsalawo limodzilimodzi kuti akaphikire adzukulu. Mbuziyi ikanakhala ya munthu wina, bwenzi panthawiyo iye ali pa musika akulandira moni wa manja awiri. Anatuluka, n'kumanga waya uja molimba kuposa mmene anaupezera, mpaka unamucheka chala.

Madzulo anapeza Esnat akusenda mbatata pakhonde. Kuseri kwa mpanda wa udzu, kunyumba kwa a Nankhoma, kunali zii, utsi osafuka.

"Bambo a Ruvimbo, msampha wanu wagwira," anatero Esnat osadzutsa mutu.

"Ndamva."

"Mwamva? Anthu akuti mwaona ndi maso, mpaka munalowa m'khola momwemo kukacheza."

Reason anakhala pa chitsa n'kuvula nsapato yonunkha ija. "Amayi ali bwanji?"

"Sanadye. Mbuzi ija ili pafupi kuswa, mukudziwa inu. Akuti ikafera ku khonsolo, mtembo wake mudzausenze nokha pamutu kudutsa m'komboni monse, mutavala suti yomweyo."

"Mukawauze kuti si ine. Ndi lamulo."

"Lamulolo linagwa ndi mvula? Si inu munabwera pano tsiku lija mukuyenda ngati tambala, kundiuza kuti khonsolo yonse yakuomberani m'manja?"

"Nanga nditani, mayi a Ruvimbo? Ndikaimasula, mawa aliyense wa mbuzi adzati nayenso ali ndi mkamwini ku khonsolo. Ndikapanda kuimasula, ndizidzera pati popita kuchimbudzi? Njira yake ndi ya pakhomo pawo."

Esnat anayesa kubisa kuseka, koma mpeni unamuulula pogwedera m'manja. "Ine ndine paipi chabe. Uthenga wawo ndi uwu: Lachinayi abwera okha. Akuti akufuna akaone kumene mkamwini wawo amagwira ntchito."

Masiku otsatirawo Reason anakhala anthu awiri. Pa musika amayi ankamuimbira nthungululu, wina mpaka kumuponyera tomato m'thumba la jekete. Ku komboni anthu ankamuyang'ana ngati munthu amene wagulitsa manda a makolo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye ankanyowa mbali zonse.

Lachinayi m'mawa Jealous anamuchingamira pa geti, chipewa chili m'manja.

"Shefu, akaidi achuluka. Tinatsekera mmodzi, lero alipo atatu."

Dona anali ataswa mapasa, kakamuna ndi kakakazi, tonyowanyowa, timiyendo tikugwedera ngati ta munthu wochokera ku mowa. Jealous anali atatiyalira saka la feteleza, ndipo ankatiyang'ana monyadira ngati ndi iye watibereka.

Chipinda cha misonkhano chinadzaza. Lachinayi ndi tsiku la amayi a Mvano, choncho a Nankhoma sanabwere okha. Anafika ndi gulu lonse, malaya oyera mbee, masiketi akuda, mipango yoyera kumutu, n'kukhala pa mabenchi mwakachetechete ngati abwera pa maliro a munthu wotchuka. Mbali inayo kunali amayi a pa musika, Mai Luiza ali patsogolo. Kumbuyo, eni mbuzi a m'tauni anaima motsamira khoma. Iwo anabwera kudzaona ngati lamulo latsopanoli lili ndi mano kapena ndi nkhama zokhazokha.

Komiti ya ziweto inali ya anthu atatu, koma wachitatu anali ku wekishopu ku Kadoma. Panatsala Reason ndi Khansala Bright Chigumira, mwini butchala ya pafupi ndi renki, bambo amene ankati akayang'ana chiweto, maso ake ankayamba achiika pa sikelo.

Reason anali atagona ndi nzeru imodzi, ndipo anaitulutsa msangamsanga. "Ndisanatsegule msonkhano, ndiyenera kuulula kuti mwini mbuziyi ndi wachibale wanga. Malamulo akuti zikatero ndituluke." Anayamba kusonkhanitsa mapepala ake, mtima utapepuka ngati nthenga.

"Khalani pansi, a Khansala," anatero Mai Marufu. "Mukatuluka atsala a Chigumira okha, ndipo munthu mmodzi si komiti. Mlandu udikira mwezi wamawa, mbuzi zili m'khola momwemo. Pokhapokha ngati odandaula akukana kuti muweruze ndinu."

"Aweruze omwewo!" anakuwa Mai Luiza. "Ndikufuna ndione ndi maso angawa."

Mutu waukulu sulewa nkhonya. Reason anakhala pansi.

Jealous anaitana mwini mbuzi, ndipo a Nankhoma ananyamuka. Anali amayi aafupi, owongoka ngati msomali. Mpando wawo unali utaikidwa moyang'anana ndi tebulo la komiti. Iwo anaugwira, anautembenuza mosapupuluma, n'kukhala atafulatira komitiyo, nkhope italoza kukhoma komwe kunapachikidwa kalendala ya chithunzi cha chimanga. Nayenso Reason, thupi likuchita lokha zimene linazolowera, anatembenuzira mpando wake ku zenera.

Bright anayang'ana uku, anayang'ana uko. "Nhai ambuya, agogo inu, komiti ili kuno."

"Ndikudziwa kumene ili, mwanawe," anayankha a Nankhoma akuyang'ana chimangacho. "Makutu anga ali m'mbali, sali kumaso."

"Mai Marufu, malamulo akuti chiyani pamenepa?" anafunsa Bright.

Mai Marufu anatsegula buku lawo, anapatula masamba angapo, n'kulitseka. "Sanena kumene munthu ayenera kuyang'ana."

Panatsala vuto lina. Esnat anali atakana kubwera, ati sangakaonerere nyumba yake ikupsa mbali zonse ziwiri. Reason anatsokomola, n'kuuza zenera kuti pakufunika munthu woti azinyamula mawu.

"Ndinyamula ine," anatero Mai Luiza akumanga chitenje. "Madengu ndanyamula moyo wanga wonse, mawu angandilemere?" Anakaima pakati penipeni, msana wa apongozi uku, msana wa mkamwini uko.

"Muwafunse amayi ngati mbuziyo ndi yawo," anatero Reason.

"A Nankhoma, akuti chimbava chija n'chanu?"

"Muwauze kuti Dona ndi wanga, ndipo si mbava. Wapakati amalakalaka zinthu. Inuyo Luiza, muli ndi pakati pa Passmore wanu uja, simunamalize chulu cha kuseri kwa nyumba yanga kudya dothi? Ndinakutengerani ku khonsolo ine?"

Mabenchi anagwedezeka ndi phwete. Mai Luiza anatembenukira kwa Reason nkhope ili gwa. "A tcheya, akuti mlandu auvomera."

"Sindinavomere!"

"Muwafunse," anatero Reason, thukuta lili kamukamu, "ngati akudziwa kuti mbuziyo inadya kabichi pa musika."

"Akuti kabichi wanga anakoma?"

"Muwauze kuti Dona kwathu amadya masamba a m'dimba mwanga. Ngati anadya anu, inali njala chabe."

"Mai Marufu, zimenezo musalembe," anatero Mai Luiza.

"Ndalemba kale."

Bright anagogoda tebulo ndi chala chonenepa. "Za make tamva. Ine nkhawa yanga ili pa tiana. Tabadwira pa malo a khonsolo, m'khola la khonsolo, make akudya udzu wa khonsolo, mzamba wake wapolisi wa khonsolo. Ganizo langa n'lakuti timeneti ndi katundu wa khonsolo. Tikulire pompano, ndiye pofika phwando lotsekera chaka..." Sanamalize, anangomeza malovu. Anatembenukira kwa Reason akumwetulira. "Tcheya, liwu lanu lija."

Kukhoma kunamveka kuseka. Wina ananong'ona mokweza dala kuti, "Sekondedi!"

Reason asanapeze poyambira, a Nankhoma analankhula.

"Luiza, mundifunsireko bambo wa butchalayo. Akuti chobadwira pano n'cha pano?"

"Ndi zimene ndanena, ambuya," anadziyankhira Bright.

"Zikomo. Ine ndinabadwira pa pulazi ya kuseri kwa phiri ilo. Mchombo wanga uli pansi pa mkuyu umene ulipobe mpaka lero. Fodya wa dziko lino ndathyola mpaka zala izi zinapindika. Koma chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo, ndipo ndinakhala mlendo kufikira imvi zinamera. Ndinkati ndikafunsa, ankati kwanu n'ku Malawi, kumene ngakhale basi yake sindikudziwa pokwerera. Timbuzi iti tabadwa lero m'mawa, sitinaume n'komwe, boma layamba kale kutilimbirana kuti ndi take." Anapukusa mutu akuyang'ana kalendala. "Ndikanadziwa, ndikanabadwa mbuzi."

Kuseka kunaphulika, koma kunazima msanga ngati moto wa mapesi. Pa mabenchi a Mvano ndi a musika omwe, amayi ambiri anali ndi nkhani yomweyo m'zikwama zawo. Reason anakumbukira bambo ake, amene anaikidwa m'manda a pa pulazi chitupa chawo chikunenabe kuti ndi odutsa. Ngakhale Bright anayamba kuyang'ana zikhadabo zake.

Mai Luiza anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "A tcheya, ine basi. Mlandu ndauchotsa. Kabichi ndi kabichi. Tikakambirana kunyumba ngati anthu."

Khomo linali litatseguka lokha, ndipo linali lalikulu. Reason akanangoti zikomo, aliyense n'kumapita kwawo, iye madzulo ake n'kudya ndiwo za m'dimba mwa apongozi mtima uli m'malo. Milomo inayamba kale kukonza liwulo. Koma pa galasi la zenera limene ankayang'analo munkaoneka zithunzithunzi za eni mbuzi aja, ndipo anawaona akugundana ndi zigongono, mano ali pamtunda. Mawa lake mbuzi zawo zonse zikanadzadza pa musika. Jealous akanazithamangitsa ndi nkhope yanji? Nanga amayi enawo, amene analibe chibale ndi khansala aliyense, dengu lawo akanakakhuthula pakhomo pa yani?

Anaimirira, akuyang'anabe zenera. Analankhula Chichewa cha ku komboni, osasamala kuti Mai Marufu achilemba bwanji.

"Mai Luiza, mlanduwu si wanu nokha, ndi wa musika wonse. Suchotsedwa. Muwauze amayi kuti Dona walakwa. Kabichi amene anadya abwezedwe kuchokera m'dimba mwawo, mutu kulipa mutu. Kuyambira lero Dona azikhala pa chingwe, ndipo akadzagwidwanso khonsolo idzamugulitsa, kaya ndi wa yani." Kukhoma kuja mano anabwerera m'kamwa. "Za tiana, ganizo la a Chigumira ndikulikana. Sitinadye kabichi wa munthu, m'tauni sitinapondemo. Tipite ndi make. Mwana salandidwa bere chifukwa akuluakulu akufuna phwando."

"Ine ndikutsutsa," anatero Bright, koma mopanda mphamvu kwenikweni.

"Mmodzi uku, mmodzi uku," anatero Mai Marufu. "Zikafanana chonchi, wapampando amavotanso."

"Ndiye ndikudzivomereza ndekha," anatero Reason.

Mai Luiza anatsegula pakamwa kuti anyamule chigamulocho, koma a Nankhoma anakweza dzanja. "Ndamva." Anaimirira, anabwezera mpando mmene anaupezera maso ali pansi, n'kutuluka. Reason anayesa kuwerenga msana wawo pa galasi lija, koma msanawo sunanene kanthu.

Galimoto ya khonsolo inalibe dizilo, choncho akaidi anayenera kubwerera kwawo wapansi. Amayi a Mvano anatsalira m'tauni ku mapemphero awo. A Nankhoma anati Mulungu awamvetsa, n'kugwira chingwe cha Dona, ulendo kuyamba. Tiana sitikanatha kuyenda mtunda wonsewo, ndipo Jealous sakanasiya geti. Reason ananyamula kamodzi kukhwapa uku, kena kukhwapa uko, n'kumatsatira patali, mtunda woyenera mkamwini.

Anasiya phula n'kulowa msewu wa fumbi wodutsa pakati pa minda ya fodya. Dzuwa linkaswa mtengo. Anthu othyola fodya ankaweramuka m'mizere kuonerera khansala wawo ali m'suti, timbuzi tikulira m'khwapa, Dona akuyankha kutsogolo. Reason sanawaone n'komwe. M'mutu mwake ankafunafuna chipinda cha lendi m'tauni, ankaganiza za amene angamubwereke ngolo yonyamulira bedi, ndiponso ngati Esnat angalole kumutsatira kapena adzangomutumizira zovala m'thumba.

Pa kamlatho ka pafupi ndi komboni, a Nankhoma anaima. Reason nayenso anaima, n'kuyang'ana m'mbali pofuna popatukira, koma uku kunali ngalande, uko waya waminga. Amayiwo sanacheuke. Anawerama n'kuyamba kukonza mfundo ya chingwe m'khosi mwa mbuzi, ngakhale mfundoyo inali bwinobwino.

"Dona," anatero mokweza ndithu, "uwauze awo ali m'mbuyomo kuti chitseko cha khola lako chinadyedwa ndi chiswe. Ngati khonsolo ili ndi manja, Loweruka ibwere ndi hamala ndi misomali."

Dona anadzikanda ndi nyanga yopindika ija.

"Uwauzenso kuti kabichi wa Luiza ndikasankha ndekha, mitu ikuluikulu, asadzati a Nankhoma analipa ndi masamba ofota." Anasisita khosi la mbuziyo. "Ndipo kakakaziko akatche dzina iwowo. Ndiwo akapulumutsa ku mpeni."

Reason anaweramitsa mutu. Anayang'ana kambuzi ka kukhwapa lamanja, kamene kanali katapeza nsonga ya tayi n'kuyamba kuyamwa ndi mtima wonse.

"Iwe," anakauza motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwambiri, "uwauze agogo ako kuti tamva. Loweruka m'mamawa."

A Nankhoma anaweramuka, anakoka chingwe, n'kuwoloka kamlatho. Reason anadikira kuti atalikirepo, kenako anatsatira. Kukhwapa lamanzere anamva kanthu kofunda kakuyenderera m'jekete, kutsika mpaka m'thumba. Anangokakumbatira bwino kambuziko, n'kupitiriza kuponda m'mapazi mwa apongozi ake pa fumbi.